Mmene mungathandizire mayi kupitiriza kulera atalandira chithandizo mimba itachoka

Mayi amene wathandizidwa kuchipatala mimba itachoka, kaya yapita padera yokha kapena yachita kuchotsedwa, akhoza kutenganso pakati pasanathe masabata awiri, asanaone n'komwe msambo wake woyamba. Azaumoyo ambiri amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake timayesetsa kuti mayi asatuluke m'wodi alibe njira yolera. Chimene sitichikamba mokwanira ndi choti amayi ochuluka amene amavomera mapiritsi, jakisoni kapena makondomu pa tsiku lotuluka amakhala atasiya pakangopita miyezi ingapo, pomwe m'kaundula mwathu amakhalabe olembedwa ngati anthu amene tinawathandiza mokwanira. Malangizo awa ndi a anamwino, azamba, madokotala, alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi ena onse amene amakumana ndi mayi wotere, ndipo cholinga chake n'choti tiziyang'ana kupitirira tsiku lotulukalo mpaka kukafika sabata ya 13, pamene jakisoni wachiwiri amayenera kubayidwa.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku amene College of Medicine inachita pamodzi ndi Guttmacher Institute anapeza kuti m'chaka cha 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno, ndiponso kuti mimba 53 mwa 100 zilizonse zinabwera eni ake asanazikonzekere. Malamulo athu amaletsa kuchotsa mimba kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, chachikulu chake n'kupulumutsa moyo wa mayi, koma chithandizo cha mayi amene mimba yachoka kale ndi cha aliyense, mosayang'ana mmene yachokera. Ngakhale zili choncho, ambiri amafika ali ndi mantha oti afunsidwa mafunso, akalipiridwa kapena akanenezedwa, ndipo munthu amene wachitiridwa chipongwe pa tsiku lovuta chonchi sabwereranso pakhomo lomwelo kudzabayitsa jakisoni wachiwiri. Choncho sitepe yoyamba yothandiza kuti mayi apitirize kulera imachitika musanatchule n'komwe za kulera: mulonjereni mwaulemu, mufunditseni bwino, ndipo musamukakamize kuulula zimene sizikukhudza chithandizo chake.

Mukafika pa nkhani ya kulera, musayambe ndi funso loti akufuna njira iti. Yambani ndi kufunsa kuti, "Kodi mayi, mumafuna mutadzakhalanso ndi pakati liti?" Yankho la funso limeneli limasiyanitsa anthu amene m'wodi amaoneka ofanana. Pali mayi amene wataya mimba imene ankaiyembekezera ndi mtima wonse, mwina yachiwiri kapena yachitatu kupita padera, ndipo kunyumba apongozi ayamba kale kunong'ona. Mayi wotere akhoza kuvomera jakisoni wolera wa Depo pongofuna kusakhumudwitsa namwino, koma mumtima mwake sanavomere, ndipo sadzabweranso. Kwa iyeyu nenani zoona zake: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira miyezi yosachepera 6 asanatengenso pakati, kuti thupi lipume ndi magazi abwerere, ndipo kulera kwa miyezi imeneyi n'kothandiza mwana amene akumufunayo. Muuzeninso kuti akasiya Depo, kubereka kumachedwa kubwerera ndi miyezi ingapo poyerekeza ndi njira zina, kotero mapiritsi kapena makondomu mwina ndiwo angamuyenere. Akakana zonse, lemekezani maganizo ake, mupatseni mapiritsi owonjezera magazi, ndipo mumulimbikitse kudzayamba sikelo msanga akadzaima.

Funso lachiwiri limene limadumphidwa kawirikawiri ndi loti, kodi pamene mimbayi inkabwera anali pa njira iliyonse, ndipo chinachitika n'chiyani. Wina adzakuuzani kuti ankamwa mapiritsi koma ankaiwala, wina kuti anapita kukabayitsa napeza mankhwala atatha, wina kuti anasiya jakisoni chifukwa chotaya magazi mosalekeza. Mayi amene anasiya Depo chifukwa cha magazi, inu n'kumubayanso Depo yemweyo osakambirana naye za vuto lakelo, mwamubwezera pamene anayambira. Mbiri imeneyi ndi imene ingakuuzeni bwino kuposa china chilichonse chimene chidzamusiyitse ulendo uno.

Nthawi yokambirana nayonso ili ndi kanthu. Mayi amene wangotsika pabedi atayeretsedwa m'chiberekero ndi kachipangizo kopopa ndi manja (MVA), kapena amene akumva kupotokola m'mimba atamwa mankhwala oyeretsa m'chiberekero a misoprostol, amavomera chilichonse kuti mumusiye apume, ndipo zimene mwanena sazikumbukira. Ngati ali bwino pofika, yambani nkhaniyi asanathandizidwe, kenako muibwereze ululu utachepa, pamalo poti odwala anzake ndi omudikirira sakumva. Mukagwirizana, njirayo ailandire pomwepo m'wodimo. Kumutumiza ku chipinda cha zakulera chimene chili mbali ina ya chipatala, chimene mwina chatseka kale chifukwa ndi madzulo kapena Loweruka, n'kumutaya, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mapiritsi, jakisoni ndi njira ya pamkono zikayambidwa pasanathe masiku 7 chichokereni mimba zimayamba kuteteza nthawi yomweyo, koma zikachedwa kuposa apo, mayi agwiritsenso ntchito makondomu kwa masiku 7 oyambirira, kapena masiku awiri ngati ndi mapiritsi a mtundu wa Microlut. Musaiwale kuyeza BP ndi kufunsa za mutu waching'alang'ala, kusuta ndi mankhwala ena amene akumwa, chifukwa mapiritsi olera a Microgynon sayenera mayi wa BP yokwera, ndipo mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafooketsa mapiritsi olera pomwe Depo samufooketsa.

Pa zifukwa zonse zosiyira, chimene chimafuna nthawi yanu yambiri ndi kusintha kwa msambo, ndipo kwa mayi amene mimba yangochoka, nkhani ya magazi ndi yolemera kuposa kwa wina aliyense. Iyeyu wangoona magazi ambiri akutuluka m'thupi mwake, mwina anakomoka, mwina anawonjezeredwa magazi a munthu wina. Pakapita masabata angapo n'kuyamba kudontheza chifukwa cha Depo, saganiza za jakisoni ayi, amaganiza kuti m'mimba munatsala zinthu kapena kuti chiberekero chinawonongeka. Msambo ukasiyiratu, amaopa kuti magazi akuunjikana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa, kapena kuti mimba yochokayo yamusiya wosabereka. Mantha amenewa si uchitsiru, ndipo kuwayankha ndi mawu oti "zimachitika" sikokwanira. Muuzeni asanabayidwe kuti m'miyezi yoyambirira msambo ukhoza kubwera mosatsata masiku, kudontheza kapena kutenga masiku ambiri, ndipo kuti pakatha chaka amayi ambiri a Depo amasamba mwa apo ndi apo kapena osasamba konse. Mufotokozereni chifukwa chake m'mawu osavuta: mankhwalawa amapangitsa kuti khungu la m'kati mwa chiberekero, limene limayoyoka mwezi ndi mwezi, lisakule, choncho palibe magazi amene akubisala kwinakwake, sakupangidwa n'komwe. Munthu amene wachenjezedwa amapirira zimene munthu wodzidzimutsidwa sangapirire.

Kudontheza kumene ife timakuona ngati kopanda vuto pa zaumoyo kumasokoneza moyo wa pakhomo m'njira zimene mayi sanganene ngati simunamufunse. M'mabanja ambiri amene amasunga mwambo, mayi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo ndipo sagona ndi mwamuna wake, poopa mdulo. Akamadontheza masabata atatu, ndiye kuti masabata onsewo akutuma mwana kukathira mchere, nyumba yonse yadziwa, ndipo bambo ayamba kudandaula kapena kuopseza zopita kwina. Mayi wa Chisilamu ku Mangochi kapena ku Machinga amasowa mtendere pa nkhani ya swala ndi kusala m'mwezi wa Ramadan. Palinso mtengo wa sopo ndi mapadi, ndi vuto loyanika nsalu nthawi ya mvula. Mufunseni mwachindunji kuti, "Mutamadontheza kwa masiku ambiri, kunyumba zingakuvuteni bwanji?" Akanena kuti sizingatheke, ndi bwino asankhe Microgynon, amene nthawi zambiri amakhazika msambo m'masiku ake, kusiyana n'kuti abayitse kamodzi n'kuthawa. Mumutsimikizirenso kuti akavutika abwere tsiku lililonse osadikira tsiku lolembedwa, chifukwa alipo mankhwala a masiku ochepa amene amachepetsa kudontheza, ndipo kusintha njira n'kololedwa.

Pamene mukumulimbitsa mtima chonchi, musasokoneze magazi a jakisoni ndi zizindikiro za ngozi zimene zingatsatire kuchoka kwa mimba. Abwerere kuchipatala mwamsanga, ngakhale usiku, akamanyowetsa mapadi awiri pa ola limodzi kwa maola awiri otsatizana, akatentha thupi kapena kunjenjemera, akamatuluka zonunkha kumaliseche, akamamva ululu waukulu m'mimba, kapena akamachita chizungulire mpaka kufuna kugwa. Mufunseni abwereze zizindikirozi ndi pakamwa pake musanamulole kupita.

Chifukwa china chachikulu n'chakuti njira za nthawi yochepa zimafuna kuti mayi azichitapo kanthu mobwerezabwereza, ndipo moyo wa kumudzi sulola nthawi zonse. Mwa amayi 100 ogwiritsa ntchito mapiritsi monga mmene anthu amachitira masiku onse, pafupifupi 7 amatenga pakati m'chaka choyamba, a jakisoni pafupifupi 4, a makondomu a abambo pafupifupi 13, pomwe a njira ya pamkono kapena lupu safika ndi mmodzi yemwe. Kusiyana kumeneku kumabwera makamaka chifukwa cha kuiwala ndi kuchedwa. Mayi amene wathandizidwa pa chipatala cha boma lake mu Okutobala ayenera kubayitsanso mu Januwale, pamene mitsinje yadzaza, kumunda kukufunika kupalira ndi kubandira, ndipo ndalama ya kabaza ikulimbirana ndi ya ufa. Choncho musamulembere tsiku lobwerera kwa inu ngati kwawo n'kutali. Mufunseni kumene amakhala, mupezereni chipatala chaching'ono, sikelo ya m'mudzi kapena mlangizi wa zaumoyo amene amabaya Depo pafupi naye, ndipo kumbukirani kuti zipatala zina za mishoni sizipereka njira zamakono zolera, kotero kumutumiza kumeneko n'kumutumiza kopanda kanthu. Komwe kuli Banja La Mtsogolo kapena bungwe la zakulera la FPAM, mutchulireni, koma mumuuze ngati pangakhale cholipira. Tsiku lobwerera mulilembe m'kabuku kake ka kuchipatala ndipo mulimangirire ku chinthu chimene iye amachidziwa, monga tsiku la msika kapena kutsegulira kwa sukulu, popeza si onse amene amawerenga kalendala.

Pali mfundo imodzi imene amayi ambiri sauzidwa, ndipo ena mwa ife timaiiwala: jakisoni wa Depo amabayidwa masabata 13 aliwonse, koma mayi akhoza kubayitsa kutatsala masabata awiri, kapena atachedwa mpaka masabata 4, popanda kuyezedwa ngati ali ndi pakati ndiponso popanda kufunika njira ina yothandizira. Mayi amene sadziwa izi akaphonya tsiku lake amaganiza kuti zatha, amaopa kukalipiridwa, n'kungokhala. Choipa kwambiri n'kubweza mayi wochedwa kuti adikire msambo, pomwe iye ali pa mankhwala amene amaimitsa msambowo. Akachedwa kupitirira masabata 4, funsani mafunso otsimikizira kuti alibe pakati kapena mumuyeze mkodzo, mumubaye, ndipo mumupatse makondomu a masiku 7.

Kwa mayi wa kutali kapena wotanganidwa, ganizirani za Sayana Press, jakisoni wa singano yaifupi wobaya pansi pa khungu la pamimba kapena pantchafu, amene mayi angathe kudzibaya yekha kunyumba ataphunzitsidwa. Umboni wake ndi wa kwathu konkuno. Pa kafukufuku amene anachitika ku Mangochi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2018, amayi 73 mwa 100 odzibaya okha anali akupitirizabe patatha miyezi 12, pomwe mwa amene ankabayidwa ndi azaumoyo anali 45 okha mwa 100. Amayiwo anali a m'boma limodzi ndipo mankhwala anali amodzimodzi, chimene chinasintha ndi ulendo ndi mzere wa pachipatala. Muphunzitseni modekha, adzibaye woyamba inu mukuona, mumusonyeze mowerengera tsiku lotsatira, mosungira mankhwalawo patali ndi ana ndi dzuwa, ndi motayira singano yogwiritsidwa kale ntchito.

Wosankha mapiritsi mupatseni mapaketi angapo nthawi imodzi monga mmene katundu alili, osati limodzi lokha, ndipo mutsegule paketi pamaso pake kumusonyeza poyambira ndi kolowera. Agwirizanitse kumwa ndi chinthu chimene amachita tsiku lililonse, makamaka chakudya chamadzulo kapena pogona, zomwe zimachepetsanso nseru. Akaiwala piritsi limodzi kapena awiri a Microgynon, amwe limodzi akangokumbukira n'kupitiriza monga mwa masiku onse. Akaiwala atatu kapena kuposerapo motsatizana, achite chimodzimodzi koma agwiritse ntchito makondomu masiku 7, ndipo ngati zachitika m'sabata yachitatu ya paketi, amalize mapiritsi a mankhwalawo, adumphe ofiirira a kumapeto kwa paketi, n'kuyamba paketi latsopano tsiku lotsatira. Aliyense wa mapiritsi kapena makondomu adziwenso kuti alipo mapiritsi olera a pangozi amene amamwedwa pasanathe masiku 5 chigonereni mosadziteteza, ndipo kuti akamwedwa msanga ndi pamene amagwira bwino.

Za bambo wa kunyumba muyambe mwafunsa mayiyo ali yekha, ndipo iye ndiye anene ngati mwamuna wake aitanidwe. Amuna ena akamva kuchokera kwa namwino kuti akazi awo anatsala pang'ono kutaya moyo amakhala oyamba kukumbutsa za tsiku la jakisoni, ndipo mwayi umenewu tisamautaye, makamaka ngati banjalo lasankha makondomu, amene sangagwire ntchito bambo asakufuna. Koma alipo amuna amene amakana kulera, ena amachita nkhanza, ndipo mayi wa m'banja lotere akapezeka ndi paketi la mapiritsi m'chikwama akhoza kumenyedwa. Kwa iyeyu jakisoni ndi wobisika bwino, ndipo mugwirizane naye za chimene mulembe m'kabuku kamene bambo angathe kukatsegula. Musatumize uthenga pa foni kapena mlangizi pakhomo iye asanalole, chifukwa foni zambiri n'zobwerekana. Mukaona zizindikiro za nkhanza kapena kugwiriridwa, mumuuze za thandizo limene lilipo ndipo mumuperekeze ngati wavomera.

Mudzamvanso mayi akunena kuti sakufunika njira iliyonse chifukwa sakugona ndi mwamuna. Nthawi zina amuna ali ku Joni kapena kunyanja, ndipo kulera iwo kulibe kumaoneka ngati umboni wa chibwenzi. Nthawi zina banja likudika monga mwa mwambo wa pambuyo pa kupita padera, kudikira kuti akuluakulu alongosole. Musatsutse mwambowo, ndipotu ifenso timalangiza kuti asagonane mpaka magazi atasiya. Chimene muyenera kumuthandiza kuona n'choti tsiku lothera kudika kapena lobwerera bambo silisankhidwa ndi iye, ndipo silidikira kuti apite kaye kuchipatala. Ngati sakufuna kuyamba lero, atenge makondomu ndi mapiritsi oti adzayambe yekha, ndipo adziwe kopita.

Atsikana osakwatiwa amafuna chisamaliro chapadera, ndipo si ochepa, popeza kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Mtsikana amene wabwera ndi amayi ake kapena azakhali amalumbira pamaso pawo kuti sadzayandikiranso mwamuna, ndipo pa nthawiyo amanenadi kuchokera pansi pa mtima. Akavomera mapiritsi, alibe powabisa kunyumba kapena ku hositelo, ndipo sangaime pamzere wa zakulera pamodzi ndi anzawo a amayi ake. Lankhulani naye payekha, musamulalikire, muuzeni momveka kuti jakisoni kapena njira ya pamkono sizipha chiberekero cha munthu amene sanabereke, ndipo mumulumikize ndi malo othandizira achinyamata ngati alipo pafupi. Mupatseni makondomu ngakhale atasankha njira ina, popeza ndi okhawo amene amatetezanso ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndipo mumupatse mwayi woyezetsa magazi. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, yofunsirapo uphungu wa zaumoyo, ndi yaulere, ndipo imathandiza amene akuchita manyazi kufunsa maso ndi maso.

Ena amati yankho la zonsezi n'kungoika aliyense njira ya pamkono kapena lupu. N'zoona kuti mwa njira za pamkono, Jadelle amateteza zaka 5, Implanon zaka 3, ndipo lupu ya kopa imafika zaka 10 ndi kupitirira, komanso kuti lupu ikhoza kuikidwa tsiku lomwelo ngati m'chiberekero mulibe matenda. Mayi aliyense ayenera kuuzidwa za njirazi mokwanira, makamaka amene wakuuzani kuti amaiwala kapena amakhala kutali, ndipo wodi iliyonse yothandiza amayi otere iyenera kukhala ndi zipangizo ndi munthu wodziwa kuika. Koma ndikukana kwathunthu zoti mayi akakamizidwe, kapena kuti aikidwe kanthu ali m'ululu asanamvetse. Mayi wokakamizidwa amabwera kudzachotsetsa, akakanizidwa amauza mudzi wonse, ndipo anzake khumi amaopa kubwera. Amene wasankha yekha atauzidwa kuti akhoza kuchotsetsa tsiku limene angafune ndi amene amakhala nayo.

Konzani zoti muonanenso ndi mayi pakatha sabata imodzi kapena awiri, kwa inu kapena kufupi ndi kwawo, ndipo pa ulendo umenewu musangoyang'ana ngati magazi asiya. Apa mutu wake wakhazikika, wakambirana ndi a kunyumba, ndipo mafunso enieni ndi pamene amatuluka. Funsani kuti, "Njira ija ikukuyenderani bwanji, pali chimene chikukudetsani nkhawa?" Akadandaula za mutu, nseru, kunenepa kapena kuchepa kwa chilakolako, mumvetsereni ngati mmene mungamvetsere dandaulo lina lililonse la wodwala. Akafuna kusiya, mufunse ngati akufuna pakati kapena akungodana ndi njirayo, ndipo ngati ndi njirayo, asinthe tsiku lomwelo popanda mpata pakati. Mayi wochoka pa Depo kupita pa mapiritsi sanalephere, ndipo wosiya chifukwa miyezi yake yakwana ndipo akufuna mwana wachita chimene tinagwirizana. Amene tiyenera kumufunafuna ndi uja wasiya asakufuna pakati ndipo alibe chomuteteza. Chimodzimodzinso mankhwala akatha pachipatala: musamubweze chimanjamanja, mupatseni njira ina yogwirizira ndipo mumuuze tsiku kapena malo kumene angapeze imene amaifuna.

Kuti zonsezi zisadalire kukumbukira kwa namwino mmodzi, wodi ikhale ndi kabuku kosungidwa mwachinsinsi kolembamo mayi aliyense amene wavomera kutsatiridwa, njira imene watenga, kumene akatengere yotsatira, tsiku lake, ndi njira imene iye walola kuti mumupezere. Sabata iliyonse munthu mmodzi atsegule kabukuko n'kuona amene masabata awo 13 akukwana, ndipo alumikizane ndi chipatala chaching'ono kapena mlangizi wa dera lawo, osatchula chimene chinabweretsa mayiyo kuchipatala. Pa msonkhano wa mwezi, pambali pa chiwerengero cha amene anatuluka ndi njira yolera, muziwerenganso amene anabayitsa kachiwiri, amene anasintha njira ndi amene sanapezeke, ndipo pa osapezekawo muziona ngati akuchokera dera limodzi kapena anatulutsidwa masiku amene chipinda cha zakulera chinali chotseka.